Ndithandizeni nzeru, tebulo langa la ndolo ndi mikanda anthu angolipitirira

Muli bwanji nonse pa gulu pano. Funso langa lipite kwa inu amene mumagulitsa zamanja m'misika ya pa wikendi muno mu Lusaka, maka maka amayi anzanga a mikanda. Ine ndikhala ku Chelstone, ndimapanga ndolo, zibangili ndi mikanda ya m'khosi, zina za mikanda ya galasi, zina za waya wa kopa, zina ndimakutira ndi tizidutswa ta chitenje totsala kwa atelala. Pa WhatsApp ndi ku tchalitchi zimayenda ndithu, munthu akagwira m'manja amagula ndipo amabweranso ndi mnzake. Koma chaka chino ndayamba kuyesa misika ya zamanja ndipo kumeneko zinthu sizikuyenda olo pang'ono.

Ndikafika ndimayala chitenje changa chokongola pa tebulo, ndiika zonse zimene ndabwera nazo, ndolo mbali iyi mikanda mbali iyo, ndikhala pa mpando kudikira. Anthu amangodutsa, wina aponya diso pang'ono chabe basi wapita, akaima pa tebulo lina pomwe katundu wake sindiona kuti aposa wanga, ndipo sindikunena mwa nsanje ayi, amayi aja amadziwa kuyala ndipo ine ndifuna kuphunzira. Mtsikana wanga anajambula tebulo langa pa foni, nditayang'ana chithunzicho ndinaona ndekha kuti lioneka ngati mulu wa salaula, sungadziwe kuti ndolo ithera pati chitenje chiyambira pati.

Manje ndifuna kukayesa msika wa pa Sande pa Arcades ndi uja wa ku Dutch Reformed ku Kabulonga umene umachitika Loweruka lomaliza la mwezi, koma sindifuna kukalipira malo ndi kubwerako ndi katundu yense. Ndilibe galimoto, ndimayenda pa minibasi ndiye chilichonse chiyenera kulowa mu ukwa imodzi, chikwama chachikulu chija cha pulasitiki, ndi kachikwama kam'manja. Ndalama imene ndapatula ya kukonza tebulo ndi K600 chabe. Ndiyambire pati? Nsalu yoyala ikhale ya mtundu wanji? Mitengo ndizilemba kapena ndizingonena pakamwa? Nanga mphepo iyi ya Ogasiti mumachita nayo bwanji, chifukwa timakadi ta ndolo timauluka ndipo fumbi limadetsa zonse isanakwane na 12 koloko. Chonde ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Mayi wa ku Kabwata: Asisi, choyamba chotsani chitenje pa tebulo. Ndikudziwa mumachikonda koma chitenje chili ndi maluwa ake, mikanda yanu ilinso ndi mitundu yake, ndiye ziwirizi zikulimbana ndipo diso la kasitomala latopa asanaone kanthu. Gulani nsalu ya mtundu umodzi ku Kamwala, mamita atatu akwana, itsike mpaka pansi kutsogolo kuti ibise ukwa wanu ndi zakudya zanu. Chitenje ngati simufuna kuchisiya mudule kachidutswa kopyapyala mukaike m'mphepete chabe. Chachiwiri, zinthu zanu zonse zagona. Munthu woyenda pa msika sayang'ana pansi, amayang'ana kutsogolo kwake, ndiye ndolo ziimirire zifike pafupi ndi nkhope yake. Ine ndinapangitsa felemu ya matabwa kwa akalipentala a ku Kalingalinga, mkati tinakhomamo waya uja wa khola la nkhuku, ndinapenta, ndolo zonse ndimakoloweka pamenepo. Muwauze aike mahinji kuti izipindika pakati, imalowa bwino bwino mu ukwa. Mukapeza mpata pitani ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road mukangoyenda osagula, muone momwe osema ndi a mikanda amapachikira katundu pa khomo la tinyumba tawo, mudzaphunzira zambiri kwaulere.

Wa zibangili ku Matero: Zoona izo. Nsalu ikhale yakuda, kopa ndi mikanda yowala zimaoneka bwino maningi pa yakuda.

Mayi wa ku Kabwata: Yakuda ine ndikana achimwene, maka nyengo ino. Fumbi lonse la Lusaka limaonekera pa nsalu yakuda, ndipo dzuwa likawomba imatentha mpaka zibangili za kopa kasitomala sangazivale. Ya mtundu wa mkaka kapena chiguduli chochapa bwino ndiye zabwino panja. Yakuda ikhale kansalu kakang'ono pansi pa zinthu zoyera chabe.

Wofunsa: Zikomo amayi, za chitenje zandilowa. Nanga mikanda ya m'khosi, ija mitu ya pulasitiki yoikapo ndinaifunsa mu tauni ndi yodula ndipo siingakwane mu chikwama.

Mtsikana wa ku Chilenje: Musagule izo amama. Tengani katoni yolimba mudule ngati khosi ndi mapewa, mukutire ndi nsalu yomweyo ya pa tebulo, kumbuyo muike kothandizira kuti iime. Zimagona pansi pa chikwama osatenga malo. Zitatu zakwana, muikepo mikanda itatu imene mumainyadira kwambiri, yodula ikhale pakati. Zibangili mulowetse pa botolo lalitali kapena pa kamtengo ka nsungwi, mphete muike m'kambale ka mtengo muli mpunga wouma zimaima zokha. Lichero laling'ono ndi labwinonso pa tinthu totchipa ta K20 ta K30 timene anthu amakonda kusanthula ndi zala. Ndipo pansi pa nsalu mubisemo makatoni awiri kumbuyo kuti kukhale kokwera, kutsogolo kotsika.

Koma chimene ndifuna kunenetsa ndi ichi, osaika zonse! Mwati mumaika zonse zimene mwabwera nazo, apo ndiye pali vuto lalikulu. Ngati muli ndi ndolo za mtundu umodzi mapeya 10, pa tebulo paoneke peya imodzi kapena ziwiri, zina zikhale mu chikwama. Ikagulidwa mutulutsa ina. Katundu akachuluka mothithikana munthu amaganiza kuti ndi zooda za mu shopu osati zopanga inu ndi manja, ndiye amayamba kukunenererani mtengo mpaka mukhumudwe.

Bambo wogulitsa miyala: Mlongo wanga, ine ndilankhuleko za dzuwa ndi kutsuka chifukwa ambiri amaononga katundu pamenepa. Kopa imada yokha ikakhala pa mphepo ndi thukuta la m'manja, usiku woti mawa msika muitsuke ndi ndimu ndi mchere pang'ono, mutsukuluze ndi madzi, mupukute iume gwa. Koma ngati mwaikapo malachite, mwala wobiriwira uja, ndimu asaukhudze olo viniga, asidi amaudya ndipo kuwala kwake kumatha. Pukutani ndi kansalu kofewa basi. Amethyst nayonso, ija yofiirira imene imakumbidwa ku Mapatizya ku Southern, ikamakhala pa dzuwa masiku ambiri mtundu umafwifwa, ndiye muziike kumthunzi. Alendo amakonda kufunsa kuti mwala uyu wachokera kuti, ngati mudziwa nenani, ngati ndi galasi nenani kuti ndi galasi. Muziwauzanso kuti kopa imatha kusiya kobiriwira pa khungu munthu akatuluka thukuta, kamachoka ndi sopo. Mukawauza nokha sabwera kudzakalipa.

Wofunsa: Ine miyala sindinayambe abambo koma za ndimu ndazilemba. Pa mitengo palibe wandiyankha, ndilembe kapena ayi? Mnzanga wina anandiuza kuti ukalemba umadzimanga wekha, mzungu akabwera sungakweze.

Wa zibangili ku Matero: Mnzanuyo sananame, ine sindilemba. Ndimayang'ana munthu.

Mayi wa ku Woodlands: Ine ndine wogula chabe, sindigulitsa, koma ndimapita m'misika imeneyi pafupi pafupi ndiye mundimvere. Tebulo lopanda mitengo ine ndimalidutsa. Ndimachita manyazi kufunsa kenaka ndipeze kuti sindingakwanitse, ndipo ndikaona wogulitsa ayamba wandiyang'ana nsapato asananene mtengo ndimadziwa kuti andidyera. Lembani mwana wanga, zilembo zazikulu zooneka, ndolo izi K50 izi K80, musiyeko kampata kochotsera pang'ono munthu akatenga ziwiri zitatu, kapena mumuikire mbasela ya kamphete. Chinanso galasi. Sindimvetsa chifukwa chake ogulitsa ndolo ambiri alibe galasi loti munthu adziyang'anire, kapena ali nalo kakang'ono kosweka. Mkazi akaika mkanda m'khosi nadziona, theka la malonda latha kale. Galasi likhale lalikulu loti nkhope ndi khosi zioneke pamodzi, muliike kumapeto kwa tebulo kuti wodziyang'anayo asatchinge ena. Ndolo zokha musalole kuti azilowetsa m'makutu, angoyerekeza pambali pa khutu, kapena mukhale ndi sipiriti ndi thonje. Ndipo imirirani! Wogulitsa amene wakhala pansi maso pa foni ine ndimaona ngati ndikumusokoneza. Moni chabe ndi kumwetulira, osandiumiriza, ndipo inuyo muvale ndolo zanu zomwe.

Mtsikana wa ku Chilenje: Pa mphepo ndinaiwala. Mapegi oyanikira zovala ndi anzanu, kanikizani nsalu ku miyendo ya tebulo, makadi a ndolo mubowole mumange ku waya ndi kaulusi. Felemu ija muimangirire ku tebulo ndi chingwe chifukwa ikagwa ndolo zimabalalika pansi ndipo anthu amapondapo. Botolo la zibangili muthiremo mchenga. Burashi yofewa ya penti ikhale m'thumba yochotsera fumbi. Mvula ikayamba mu Novembala musachoke pakhomo opanda pulasitiki yaikulu yofunditsira.

Mayi wa ku Kabwata: Ndi chenji asisi. Chitulukire ndalama zatsopano mu 2025 kuli K200 ndi K500, munthu agula ndolo za K50 akupatsa K500 m'mawa usanagulitse kanthu, ukamathamanga kufuna chenji tebulo latsala lokha. Nyamulani ma K10 ma K20 ndi ma K50 okwanira mu kachikwama ka m'chiuno. Nambala za Airtel Money ndi MTN muzilembe pa kakadi koima pa tebulo, ndipo katundu asachoke uthenga usanalowe pa foni yanu, osakhulupirira umene akuonetsani pa foni yawo. Tinthu todula tikhale pafupi ndi inu, totchipa kutsogolo, pa chigulu manja amayenda. Musanalipire malo mufunse okonza msika ngati tebulo ndi tenti amapereka kapena mubwera nazo nokha, ndi kukula kwa malo, misika imasiyana pa zimenezi.

Wofunsa: Mwandithandiza kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndaganiza kuti K600 ija ipite ku felemu, nsalu ndi galasi, zina zonse ndipanga ndi makatoni. Mitengo ndilemba, achimwene a ku Matero mundikhululukire. Ndiyala kaye pakhomo Loweruka, ndijambule ndili chapatali ngati munthu wodutsa, ndidzaike chithunzi pano mundiuze chochotsa. Funso lomaliza amayi a ku Kabwata, felemu yanu ndi yaikulu bwanji kuti ndikawauze akalipentala?

Mayi wa ku Kabwata: Ikatseguka ndi masentimita 80 m'lifupi, 60 kutalika. Osapitirira apo, makondakitala adzakulipiritsani mpando wachiwiri. Muwauze matabwa opepuka, ndipo nsonga za waya azipinde bwino zisang'ambe nsalu mu chikwama.