Khoti lakale lija: tigwetse kapena tikalembetse ku khonsolo?

Mlembi:
Moni nonse, akumudzi ndi akutali omwe. Loweruka tinabalalika tisanamange mfundo pa nkhani ya khoti lakale la pa tradingi. Ena akuti tiligwetse, ndalama tasonkhazi timangire shedi ya amayi ogulitsa ndiwo pamalopo. Ena akuti lisakhudzidwe, tikapemphe khonsolo ililembe m'mapulani ake ngati nyumba ya mbiri ya dera lino. A ADC, komiti ya chitukuko ya dera lathu, akumana kumapeto kwa mwezi, ndiye tikapite ndi mawu amodzi. Chonde mavoisi ataliatali ayi, ena bandulo ndi yovuta.

aNabanda (pa msika):
Ndiyambe ine, poti amene tikunyowa ndife. Dzinja lathali ndinataya dengu lonse la usipa, linanyowa ndili chiimire. Mvula ikagwa timathawira pakhonde la khoti lomwelo, koma nalo likudontha ngati sefa. M'kati simungalowe ndi fungo la mileme, ndipo usiku mumagona mbuzi. Ndiye tikusunga chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ife tikufuna denga chaka chino.

Wakabaza:
Amayi anena zoona. Chibadwire changa sindinaonepo mlendo atatsika basi n'kufunsa za nyumba imeneyo. Gwetsani basi, njerwazo zikhale maziko a shedi.

Aphunzitsi opuma:
Mwana wanga, mlendo sangafunse chinthu chimene eni ake sachitchula. Ndiloleni nditalikitseko pang'ono, aMlembi mundikhululukire.

Makhoti a mafumu ngati limeneli anabwera ndi malamulo a 1933, pamene boma la atsamunda linapatsa mafumu mphamvu zoweruza milandu ing'onoing'ono ndi kutolera msonkho. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera zija ankati malimidwe, kukakamiza anthu kukumba milambala m'minda, wokana n'kumulipiritsa kapena kumutsekera. Bambo anga anaweruzidwira m'nyumba imeneyo. Ine ndinali kamwana, ndinawaperekeza amayi kukapereka nsima. Kumbuyo kuli kachipinda kopanda zenera, kali ndi kabowo kamodzi pamwamba pa chitseko. Amayi anandinyamula kuti ndisuzumire, ndinangoona zala za bambo zitagwira m'mphepete mwa kabowoko. Mpaka lero kabowoko kalipo, Wakabaza upite ukaone.

M'kalasi ndaphunzitsa za malimidwe ndi za 3 Marichi 1959 kwa zaka zambiri, ana akungolemba m'makope n'kuiwala. Tsiku limene ndinawatengera ku kachipinda kaja, n'kutseka chitseko kwa mphindi imodzi, palibe anaiwala.

aNkhoma (Lilongwe):
Aphunzitsi, ulemu wanu, koma nkhani yanuyo ndiye chifukwa chenicheni chogwetsera. Tiwononge ndalama zathu kukongoletsa malo amene ankazunzirapo makolo athu? Iwo aja tchalitchi cha John Chilembwe ku Mbombwe anachiphulitsa mu 1915 osaphethira n'komwe. Ife ndiye tizisisita zawo?

Aphunzitsi opuma:
Zawo ziti, aNkhoma? Anaumba njerwazo ndani? Anatunga madzi kudambo ndani? Woweruza anali mfumu yathu, akalaliki anali ana a konkuno. Ndipo khotilo silinathe ndi atsamunda, linagwirabe ntchito nthawi yonse ya Kamuzu mpaka makhoti amtunduwu ataimitsidwa cha m'ma 1994. Maukwati a anthu ena ali pagulu pano anathera momwemo, milandu ya malire a minda yathu inagamulidwa momwemo. Za ku Mbombwe mwakumbutsa bwino. Anaphulitsa kuti anthu asakhale ndi poloza.

aPhiri (Joni):
Moni akuluakulu. Ine za mbiri ndisiyira aphunzitsi, ndinene za ntchito yanga. Kuno ku South Africa kuli lamulo la 1999 loti nyumba iliyonse yopitirira zaka 60 sungaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo cha ofesi yoona za mbiri m'chigawo. Ndinagwirapo pa saiti ina, tinakhala milungu ingapo tikungosesa, bwana akudikira pepala loti tichotse khoma limodzi. Poyamba ndinkaona ngati misala. Koma si kuti amakana zonse ayi, zambiri amalola. Amangofuna kuti wina aione kaye isanagwe. Kwathu nyumba imagwa Loweruka, Lolemba anthu n'kumafunsana kuti kodi paja panali chiyani.

aNaMbewe (Leicester):
Achimwene aPhiri, kuno ku England kuli njira ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndi imene ikufanana ndi zathu. Pali nyumba zimene boma lalikulu linazilemba m'kaundula wa dziko lonse, izo kuzikhudza popanda chilolezo ndi mlandu. Ndiye pali kaundula wina wa khonsolo, amati local list, wa nyumba zosatchuka m'dziko koma zofunika kwa anthu a m'deralo: sukulu yakale, fakitale ya masokosi, ngakhale malo omwera mowa. Anthu wamba amatchula nyumba, khonsolo n'kuiunika. Koma ndisakunamizeni, kulembedwa m'menemo sikutseka njira yogwetsera. Kumangochititsa kuti wina akabweretsa pulani yomanga pamalopo, komiti iganizirenso za nyumbayo isanavomere. Ndi chishango chopyapyala, komabe kuposa kukhala chimanjamanja.

Wakabaza:
Za ku Ulaya izo asisi. Kuno tikukamba za usipa wonyowa.

aNaphiri (Zomba):
Ndakhala ndikungowerenga, koma pali funso limene palibe walifunsa. Nyumbayo ndi ya ndani? Yathu si yathu. Gulu lino lilibe mphamvu yoigwetsa, ndiponso lilibe mphamvu yokhomapo msomali. Kaya ili m'manja mwa khonsolo, kaya a makhoti, kaya unduna woona za nyumba za boma, tiyenera kudziwa kaye. Tikangopita ndi mapiki, mawa aMlembi akagona kupolisi.

Tsono za malamulo. Lilipo la Monuments and Relics Act la 1990, limene limapatsa nduna mphamvu yolengeza nyumba kapena malo kukhala chipilala cha dziko, ndipo oyang'anira ndi a dipatimenti ya Museums and Monuments. M'gulu limenelo muli nyumba ngati Mandala ku Blantyre, ya 1882, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Kunena mosabisa, kakhoti kathu sikangapikisane ndi zimenezo, tisadzinamize. Kalata tikhoza kuwalembera kuti adziwe kuti kaliko, koma tisayembekezere kuti kalowa mawa mu Gazette, chikalata cholengezeramo za boma.

Khomo lathu ndi la khonsolo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti makhonsolo azikhala ndi mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndipo womanga azitenga chilolezo. Pulani ya tradingi ngati yathu imasonyeza pamsika, pamsewu, pasukulu, pamanda. Chimene tingapemphe n'choti puloti ya khotiyo ilembedwe kuti ndi yosungidwa, isadzaperekedwe kwa munthu womanga golosale. Pempholo liyambire ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, lipite ku ADC, likafike ku khonsolo, khansala wathu akalilankhulire, a T/A atavomereza. Khonsolo ilinso ndi mphamvu yopanga malamulo akeake ang'onoang'ono pansi pa lamulo la maboma aang'ono la 1998. Njira ndi yaitali, koma ilipo.

aNkhoma (Lilongwe):
Ndipo pepalalo likatuluka, denga lisiya kudontha? Inu muli ku Zomba, mukuziona nokha. Likulu linasamuka mu 1975, aphungu anatsatira pambuyo pa 1994, nyumba zakale zili mbwee m'munsi mwa phiri. Zina zikuoneka bwino, zina utoto unayoyoka kalekale.

aNaphiri (Zomba):
Apo mwalasa. Ndipo mukaziyang'ana bwino, zimene zili ndi moyo ndi zimene muli anthu. Masongola, imene inamangidwa mu 1886 kukhala nyumba ya kazembe wa Britain, inadzasanduka malo ogona alendo. Nyumba imafa ikatsekedwa. Chiswe sichiwerenga mapulani a khonsolo.

aMwale (mmisiri):
Pepani ndachedwa, ndinali pa denga la eni ake. Dzulo ndinakalowa m'khotimo ndi tochi, nditamanga kansalu kumphuno. Ndikuuzeni zimene ndaona.

Makoma ndi amoyo. Ndi ochindikala, njerwa ziwiri kugona chopingasa, zootcha bwino, ukagogoda ndi chipande zikulira ngwee. Anamangira dothi, osati simenti, n'chifukwa chake Freddy uja mu 2023 anakokolola pakona ya kum'mawa pomwe madzi a padenga amagwera. Pamenepo pakufunika kuchotsa mizere ingapo n'kumanganso. Mng'alu waukulu palibe. Chitseko chakutsogolo ndi mlombwa, chiswe chinangolawa n'kusiya. Chomwe chatha ndi mitengo ya denga mbali ya kumbuyo, ndi malata a pakhonde.

Chenjezo langa ndi ili. Wina asadzabwere ndi nzeru zopaka pulasitala wa simenti khoma lonse kuti liwale. Khoma lomangira dothi limafuna kupuma. Mukalitseka ndi simenti chinyezi chimatsekeredwa m'kati, njerwa n'kumafumbutuka mwakachetechete, tsiku lina pulasitalayo n'kugwa chigamba chonse. Laimu ndiye mnzake.

Zogwetsazo, Wakabaza, si zaulere. Ulipire ogwetsa, ulipire ochotsa zibuma, theka la njerwa lisweka, ndiye uyambe maziko atsopano. Ndalama yomweyo ndikhoza kukonzera denga n'kutulutsa shedi yamalata kuchokera kumbali ya kumsika, yoima pa nsanamira zakezake, osaboola khoma lakale.

aNabanda (pa msika):
Shedi imeneyo tikwanamo angati? Musatipatse kakhonde ka anthu asanu, enafe n'kumangoonerera.

aMwale (mmisiri):
Malo alipo mpaka pa mtengo wa mango paja, mayi. Ndikayeza ndi tepi inu muli pomwepo, muziloza nokha pokhala mabenchi.

aNabanda (pa msika):
Ndipo m'katimo? Mukakonza n'kukhoma loko kuti ndi mbiri, ine ndidzakhala woyamba kuswa. Tikufuna tizisungamo katundu usiku, tatopa kusenza madengu m'mawa ndi madzulo.

Aphunzitsi opuma:
Chipinda chachikulu sungiranimo, mayi, bola osakolezamo moto. Ine ndikungopempha kachipinda kakumbuyo kasiyidwe momwe kaliri, chitseko ndi kabowo kake. Ndipo akuluakulu amene anaona khotili likugwira ntchito atsala owerengeka. Achinyamata atengeko mafoni akawajambule mawu. Kalata ya ku khonsolo ikapita ndi maumboni otere imalemera.

aNkhoma (Lilongwe):
Ine mtima wanga sunasinthe, nyumba imeneyo sindiikonda. Koma ngati amayi apeza denga chaka chino, sinditsekereza. Changa n'chimodzi: pachikwangwani chimene mudzaikepo padzalembedwe zoona, kuti muno ankatsekeramo anthu chifukwa cha milambala. Osati zongoti nyumba yokongola yamakedzana.

aNaMbewe (Leicester):
Apo ndiye tagwirizana, achimwene. Zithunzi zikhalenso zambiri, mbali zonse zinayi ndi m'kati, musanakhudze kalikonse. Kuno pofunsira amafuna zimenezo.

Wakabaza:
Chabwino, koma khonsolo ikachedwa kuyankha, mvula n'kuyamba? Amayi anyowenso chaka china podikira sitampa?

aNaphiri (Zomba):
Tipemphe zinthu ziwiri m'makalata awiri. Yoyamba, chilolezo cha shedi ndi kukonza denga, imeneyo ndi yachangu. Yachiwiri, kulembetsa puloti m'pulani, imeneyo iziyenda pang'onopang'ono. Tikaziphatikiza, yofulumira idzadikira yochedwa. Koma zonsezi zikudalira yankho la funso langa lija la mwini nyumba.

Wapampando:
Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Sitivota lero. aNaphiri, tilembereni makalata awiriwo tiwaone pano Lachinayi lisanafike. aMwale ndi aNabanda mukayeze malo, mtengo wa zipangizo muutumize kwa msungichuma. Ine ndi aMlembi tikaonekera kwa agulupu mawa, iwo ndi amene angatitengere kwa a T/A. Aphunzitsi, tipatseni mayina a agogo oti akajambulidwe, koma kumbali, osati pagulu pano.

aMwale (mmisiri):
Kumpando, funso limodzi. Ine dzulo ndinalowera pazenera. Kiyi wa chitseko cha mlombwa chija ali ndi ndani?

Mlembi:
Ine ndimayesa ali ndi inu aphunzitsi.

Aphunzitsi opuma:
Ayi, ndinabweza kalekale kwa mesenjala wa khoti, ndipo mesenjalayo tinaika m'manda chaka cha njala ya 2002.

aNabanda (pa msika):
Funsani mwini mbuzi zija. Madzulo aliwonse amatsegula ndi kiyi.