Geti la mabasi liyang'ane kuti?

Mlembi wa gulu:
Amayi ndi abambo, mapulani aja afika. Akufuna kumanga malo oimikapo galimoto pabwalo lija kuseri kwa nyumba zomalizira, kuti ochokera kutali azisiya galimoto zawo pamenepo n'kukwera basi yolowa m'tauni. Geti aliika mbali yathu, ndiye mabasi ndi galimoto zonse zizidutsa msewu wathu wa pakati pa nyumbawu. Akufuna maganizo a gulu. Tiyeni timve.

Mnyamata wogwira ntchito m'tauni:
Ine ndikuvomereza, makolo anga. M'mawa uliwonse timaima pamzere wa galimoto, zambiri muli munthu mmodzi yekha. Basi imodzi ingachotse galimoto zambirimbiri pamsewu. Si zachilendonso ayi: mzinda wa Oxford ku England unayamba zimenezi mu 1973 ndipo mpaka lero zikuyenda. Chonde tisathamangitse chitukuko.

Mayi a nyumba ya pakona:
Mwana wanga, palibe amene akuchithamangitsa. Koma iwe umangodutsa, ine ndimagona pompano. Mukukumbuka nthawi ija anatseka msewu waukulu, mabasi n'kumapatukira kuno? Basi ikafika pakona panga inkaliza mabuleki kuti tsiii, kenako injini n'kubangula ponyamuka, magalasi a zenera la kuchipinda ali njenjenje. Kunja kusanache tulo tinali titatha kale. Zovala zoyera ndinkazianula zili ndi mwaye, ndipo mdzukulu wanga wa mphumu ndinamusamutsira chipinda cha kuseri. Chimene sindidzaiwala ndi tsiku limene thayala lakumbuyo linakwera chivundikiro cha ngalande n'kuchiphwanya, pamalo penipeni pamene ana amaima akafuna kuwoloka. Zinali za masabata ochepa chabe. Tsopano zikhale za tsiku lililonse?

Bambo amene ankayendetsa mabasi:
Mayi akunena zoona, ndipo dalaivala uja mwina sanalakwitse n'komwe. Basi yaikulu imatalika mamita 12, m'lifupi pafupifupi mamita awiri ndi theka. Pokhota, matayala akumbuyo satsata pamene adutsa akutsogolo, amadulira mkati. Pakona pothina umasankha: kulowa mbali ya anzako kapena kuponda m'mphepete. Ndipo mwana wamfupi akaima pafupi ndi thayala, pagalasi saoneka. Mtima wanga unkakhala m'mwamba ndikalowa msewu wotere. China: basi ikafika pamathero imadikira nthawi yake, ndipo ambiri sazimitsa injini. Utsi wonsewo udzalowa m'nyumba zoyandikana ndi mpandawo.

Mnyamata wogwira ntchito m'tauni:
Ndamva, bambo. Nanga akaika mahampu?

Bambo amene ankayendetsa mabasi:
Mahampu amachepetsa liwiro, inde, koma basi ikakwera hampu imagunda pansi, nyumba yoyandikira n'kumva. Kenako dalaivala amapondanso mafuta. Phokoso ndi utsi zimachuluka pomwepo.

Achemwali ophunzira za misewu:
Pepani ndachedwa kulowa. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi phula lathuli. Analiyala poganizira galimoto zazing'ono, ndi lopyapyala. Ku Illinois, ku America, akatswiri anayesa misewu pakati pa 1958 ndi 1960 poyendetsapo magalimoto olemera mosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri) kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ndiye basi imodzi imadya msewu kuposa galimoto zathu zonse za mumzere uno. Mvula ikalowa m'ming'alu, maenje ayamba, ndipo odzagwamo ndife.

Za utsi, Mayi sakuwonjeza. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Mu 2018 WHO yomweyo, m'malangizo ake a ku Ulaya, inati phokoso la pamsewu lisapitirire madesibelo 45 usiku chifukwa limawononga tulo. Mabasi amagetsi angachotse utsiwo, koma mabatire amawalemeretsa, ndipo pakona paja sipakula.

Komanso tisangoyang'ana mabasi okha. Galimoto iliyonse yodzaimikidwa pamenepo idzadutsa pakhomo pathu kawiri patsiku, nthawi yomwe ana akupita kusukulu ndi madzulo pamene akusewera panja. Malowo akadzaza, otsalawo adzaimika pa mageti athu.

Mnyamata wogwira ntchito m'tauni:
Za galimotozo sindinaziganizire, achemwali. Komabe ndikuopa kuti tikangoti ayi, ntchitoyi ipita kwina, ife n'kutsala opanda basi yodalirika.

Agogo, wapampando:
Mdzukulu wanga, mantha akowo ndi oyenera, ndipo ine sindisayina kalata yokana. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo sindinamve munthu akudana ndi basi. Bwalo lija mbali yake ina yagundana ndi msewu waukulu. Geti alitembenuzire kumeneko. Kudzafunika kamsewu kolowera ndi malo okhotera, ndipo adzatiuza kuti zimenezo zikweza mtengo wa ntchito. Tiwayankhe mwaulemu kuti kukonza msewu wathu chaka ndi chaka nakonso ndi mtengo. Mbali yathu asiyeko kageti ka oyenda pansi, kuti nafenso tizikwera basiyo. Zimenezi zilembedwe pa mapulani asanakumbe dothi, chifukwa simenti ikauma palibe adzatimvere.

Achemwali ophunzira za misewu:
Agogo, tiwonjezere m'kalatamo kuti liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola mumsewu wathu. Ndi limene mayiko anagwirizana ku Stockholm, ku Sweden, mu 2020 pa misewu imene galimoto zimasakanikirana ndi anthu oyenda pansi. Komanso basi yodikira izizimitsa injini.

Mayi a nyumba ya pakona:
Geti likapita uko, ine ndidzakhala woyamba kukwera. Chithunzi cha chivundikiro chija ndikadali nacho pafoni, ndikutumizirani a Mlembi.

Mlembi wa gulu:
Zikomo nonse. Kalata ndiilemba usiku uno, mawa muione musanasayine. Achemwali, Loweruka m'mawa mubwere ndi tepi tikayeze msewu ndi pakona paja. Bambo, mudzatisonyeze pamene thayala lakumbuyo limadutsa, tijambule. Achimwene a m'tauni, inu mudzagwire mbali ina ya tepiyo.

Mnyamata wogwira ntchito m'tauni:
Ndidzafika 7 koloko.