Zotsatira zosinthasintha poyesa mankhwala a sea fan olimbana ndi Aspergillus sydowii

Wa mu labotale:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndikuyesa mphamvu ya mankhwala achibadwa amene korali wa sea fan, Gorgonia ventalina, cholengedwa cha pansi pa nyanja chooneka ngati chikupizo, amapanga podziteteza ku fangasi wa Aspergillus sydowii, yemwe wakhala akuwononga makorali amenewa m'nyanja ya Caribbean kuyambira cha m'ma 1995. Ndimatcheza mankhwalawo kuchokera ku tizidutswa ta korali, kenako ndimawathira m'mbale momwe ndabzala fangasiyo. Ndinkayembekezera kuti tizidutswa ta makorali odwala, aja a mawanga apepo, tionetsa mphamvu yosiyana ndi ya makorali athanzi, koma sabata ino zikutuluka zina, sabata yamawa zina. Kodi ndikulakwitsa pati?

Wotola masampulo m'nyanja:
Achimwene, choyamba ndifunse kuti munadziwa bwanji kuti makorali amenewo akudwaladi aspergillosis, matenda obwera ndi fangasi ameneyu. Ife amene timasambira pansi pa madzi timaona mawanga apepo kawirikawiri, ndipo si onse amene amabwera ndi fangasi. Korali ameneyu amasanduka wapepo pafupifupi paliponse pamene wavulala, chifukwa amachulukitsa timiyala tapepo totchedwa sclerites pamalopo. Nkhono ya Cyphoma gibbosum ikadya mnofu wake imasiya chizindikiro chotero, ndipo ndere kapena cholengedwa china chikamera pa iye zimachitikanso chimodzimodzi. Ngati munasankha masampulo pongoyang'ana mtundu, gulu lanu la odwala ndi losakanikirana. Chachiwiri, tizidutswato munadula mbali iti ya korali?

Wa mu labotale:
Zikomo kwambiri. Ndikuvomera kuti ndinadalira mtundu wokha. Tizidutswa tina tinachokera kunsonga, tina pakati, malinga ndi pamene panali mawanga.

Wofufuza matenda a makorali:
Pamenepo ndiye pagona vuto lalikulu. Kunsonga ndi m'mphepete mwa sea fan, kumene mnofu ndi wanthete ndipo ukukulabe, mankhwala olimbana ndi fangasi amakhala amphamvu kuposa pakati. Mukayerekeza nsonga ya korali wathanzi ndi pakati pa korali wodwala, ndiye kuti mukuyesa kusiyana kwa malo, osati kwa matenda. Dulani pamalo ofanana nthawi zonse, ndipo pa korali wodwala tengani kachidutswa kamodzi pafupi ndi bala, kena kutali nalo. Lembaninso kukula kwa korali aliyense, pakuti akuluakulu ndi amene matendawa amawagwira kwambiri.

Za kutsimikiza matenda, ndikugwirizana ndi anzathuwa ndi mtima wonse, ndipo ndikuwonjezera kuti kubzala fangasi m'mbale pakokha sikukwanira. Kafukufuku wa ku Puerto Rico anapeza A. sydowii ngakhale pa makorali ooneka athanzi, pomwe pa ena odwala sanapezeke. Chofunika n'kudula mnofu mopyapyala n'kuuyang'ana pa maikulosikopu. Mukaona timaulusi ta fangasi talowa m'chigoba cha korali, titazunguliridwa ndi utoto woderako wotchedwa melanin komanso maselo oteteza thupi otchedwa amoebocytes atasonkhana pamenepo, mungathe kulemba kuti koraliyo akudwaladi matenda a fangasi.

Katswiri wa kemisitiri:
Ine nkhawa yanga ili pa zinthu ziwiri za m'labotale momwemo. Mbale zanu mumazisunga pa kutentha kotani, ndipo mlingo wa mankhwala mumawerengera potengera chiyani? Fangasi ameneyu amakula msanga kwambiri pafupi ndi madigiri 30, choncho mbale yosungidwa pamalo ofunda idzaonetsa ngati mankhwala ndi ofooka, pamene kwenikweni fangasiyo ndi amene wathamanga. Komanso timiyala tija ndi ta laimu ndipo timalemera, kotero kulemera kwa kachidutswa kouma sikusonyeza kuchuluka kwa mnofu weniweni. Wotchani gawo la sampulo iliyonse, muyeze phulusa lotsala, ndipo mulichotsere powerengera.

Wa mu labotale:
Mwandithandiza kwambiri. Mbale zina zinali mu inkyubeta, zina pa tebulo chifukwa malo anachepa, ndipo phulusa sindinaliyeze n'komwe. Ndiyambiranso ndi masampulo amene ndinasunga mu formalin, mankhwala oteteza mnofu kuti usaole, kuti ndisiyanitse odwaladi ndi ongovulala, ndipo mbale zonse ndizisunga pa kutentha kumodzi. Ulendo wotsatira wa kunyanja, ndikupempha kuti mundijambulire korali aliyense musanadule, ndipo mundilembere ngati panali nkhono pa iye.

Wotola masampulo m'nyanja:
Ndidzatero, achimwene, ndipo ndidzaika rula pambali pa korali pojambulapo kuti kukula kwake kudzaoneke bwino.