Mitengo ya m'mphepete mwa Ruo: kontrakitala alipire zingati?

Mayi Chikopa: Akuluakulu, ndithandizeni. Kontrakitala wina wokumba mchenga wagwetsa mitengo ndi nsungwi pa mahekitala 2 m'mphepete mwa Ruo, kufupi ndi Muloza. Gombe layamba kale kugumuka. Abwana akufuna ripoti Lachisanu, lokhala ndi ndalama yoti alipire. Zitsa ndawerenga, zambiri ndi mbawa ndi mikuyu. Ndingowerengera pa mtengo wa matabwa?

A Makwinja: Mukatero mkuyu upita ulele, mayi, poti ocheka matabwa saufuna. Chonsecho mizu yake ndi imene imagwira gombe. Amene tinaona Ruo nthawi ya Freddy mu 2023 tikudziwa kuti madzi amayambira kudya pamene palibe mizu.

A Sitima: Bwerekani njira ya anzathu a m'mbali mwa nyanja zamchere. Mafuta atatayika m'nyanja ya Gulf of Mexico, kufupi ndi America, mu 2010, sanawerenge nsomba zakufa zokha ayi. Anayeza kukula kwa malo owonongeka ndi zaka zimene adzatenge kuti achire, ndipo mu 2016 kampani ya mafuta ya BP inalamulidwa kupereka mpaka madola 8.8 biliyoni okonzera chilengedwe.

Kwa inuyo zili chonchi. Tinene kuti gombelo lidzabwerera mwakale patatha zaka 20. Mahekitala 2 kuchulukitsa ndi 20 ndi 40, koma poti mitengo ikamakula ntchito yake imabwerera pang'onopang'ono, dulani pakati, mutsala ndi 20. Imeneyo ndi ngongole ya zaka zimene mtsinje ukhale pambalambanda.

Mayi Chikopa: Nanga akabzalanso pomwepo sizitha?

A Sitima: Sizitha. Kubzala pomwepo ndi kubweza chimene anawononga, ngongole ya zaka ija ikadalipo. Abzalenso hekitala 1 pagombe lina lopanda mitengo, ayisamale zaka 30. Zaka 20 zoyamba zikupatsani 10, zaka 10 zotsalazo 10 ina. Yakwana.

A Makwinja: Powerengera ndalama musangolemba mbande. Ikanimo kupalira, kulambula njira zotchinga moto, kupakiza mmene zafa, ndi mlonda, chifukwa mbuzi za ku Muloza sizidziwa lamulo la zachilengedwe la 2017. Minda ya anthu imene yakokoloka ikhale pa tsamba lakelake, imeneyo ndi ya eni ake.

Mayi Chikopa: Zikomo abambo. Zaka 20 zija ndikafunsa kaye a zankhalango kuti mbawa imakula bwanji kuno, a MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, angandibwezere ripoti. Mawa m'mawa ndikayezanso malowo ndi GPS. Ali ndi njinga yamoto yokhala ndi mafuta andiimbire.