Amphaka a kunkhokwe ya gulu: tiziwadyetsa chiyani?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Dzulo tinatsegula nkhokwe ya gulu ndipo tapeza kuti makoswe aboola matumba asanu apansi, chimanga chili mbwee pasimenti. Mwa amphaka awiri tinaika aja, mmodzi wathawira kumsika. Alonda akuti amawapatsa mkute tsiku ndi tsiku, koma masiku ano amangonunkhiza n'kuchoka. Komiti ikupempha kangachepe kuthumba la gulu kogulira chakudya chawo.

Msungichuma, ku Lilongwe: Abale, ndalama za chitukuko tizigulira amphaka ndiwo? Mphaka akakhuta amagona. Asiyeni ndi njala, agwira makoswe.

Mlangizi wa ziweto wopuma: Pepani achimwene, pamenepo ndikana. Mphaka wokhuta amasakabe, n'chibadwa chake. Wanjala ndiye amachoka kukafuna kwina, monga wachitira uja. Nsima si chakudya chake. Thupi lake limafuna nyama, chifukwa muli chinthu chofunika pa thanzi lake chotchedwa taurine, ndipo akachisowa kwa nthawi yaitali maso amafooka, mtima umadwala. Ngakhale kutsekemera kwa shuga lilime lake silikumva. Akakhala kutchire amadya pang'onopang'ono kangapo patsiku: pano mbewa, kenako buluzi, kenako chiwala. Ndiye mukamupatsa chimodzimodzi milungu yonse amatopa nacho, akamva fungo lachilendo amalilondola.

Mayi wa ku Johannesburg: Amalume, kuno amagulitsa cha m'mapaketi. Nditumize pabasi?

Mlangizi: Musavutike mwanangu, cha pamudzi chikwana. Lero usipa wophika, mawa matumbo a nkhuku, tsiku lina dzira lowiritsa, n'kansima pang'ono. Nsomba youma muziyamba mwainyika ngati ili yamchere. Msuzi wa anyezi kapena adyo ayi ndithu, umawononga magazi ake. Mkaka wa ng'ombe amphaka akuluakulu ambiri umawatsegula m'mimba. Madzi asamasowe m'kambale.

Msungichuma: Ndamva, koma ine ndikuonabe kuti titseke kaye mabowo ndi simenti, matumba tiwakweze pathandala. Mphaka sangathane ndi makoswe onse.

Mlembi: Zoona zimenezo, mmisiri ndimuona Loweruka. Koma chonde pasapezeke wothira mankhwala a makoswe. Khoswe wodya poizoni akagwidwa ndi mphaka, mphakayo akhoza kufanso.

Mayi wa ku Johannesburg: Ya usipa mwezi uno ndi wamawa ndipereka ine, thumba la gulu lipite kusimenti. Nanga katemera wa chiwewe anabayidwa? Ana amasewera nawo aja.

Mlangizi: Sanabayidwe. Mawa m'mawa ndiwaimbira anzanga a zaziweto. Alonda akonzeretu dengu lovundikira lowanyamulira.