Pulogalamu ya C yokhala ndi Boehm GC ikugwa pa -O2, koma pa -O0 siikugwa

wa_ARM:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi pulogalamu ya C yolandira mauthenga a MQTT (njira yotumizirana mauthenga pakati pa zipangizo) kudzera mu laibulale ya libmosquitto, n'kuwaika pa mzere kudikira kutumizidwa ku seva. Ikuyenda pa Raspberry Pi ya 32-bit, ndipo memori ikuyang'aniridwa ndi Boehm GC (garbage collector, laibulale yotola yokha memori yomwe siikugwiranso ntchito), kotero paliponse ndi GC_MALLOC, palibe free. Mavuto alipo awiri. Ndikakompaila pa -O0 (popanda optimization) siigwa, koma pa -O2 (ndi optimization) imagwa ndi segfault (kukhudza memori yosaloledwa) pakatha maola angapo, nthawi zonse mkati mwa callback ya mauthenga, ikamawerenga struct yomwe ndinapereka kwa mosquitto_new. Lachiwiri, heap (dera la memori lomwe GC_MALLOC imatengako) ikungokulirakulira, ndipo nthawi zina GC imachenjeza kuti "Repeated allocation of very large block". Kodi si compiler ya gcc yomwe ikundisokonezera ma pointer?

mphunzitsi_C:
Achimwene, musanaloze chala gcc, yambani ndi kuyesa kumodzi. Yatsani pulogalamu ya -O2 yomweyo mutaika GC_DONT_GC=1 mu environment, kuti GC isatole kalikonse. Ikasiya kugwa, ndiye kuti GC ikutola chinthu chomwe chikadali pa ntchito.

Ndikukayikira kwambiri struct ija. GC imeneyi imafufuza ma pointer m'malo anayi okha: mu stack, m'ma register, mu ma global, ndi mu heap yake yomwe. Memori yochokera ku malloc kapena calloc wamba siiyang'anamo. Tsono mosquitto_new imasunga pointer yanu mkati mwa struct yake, yomwe laibulale inadzitengera yokha kunja kwa GC. Kwa GC, pointer imeneyo kulibe.

Nanga bwanji pa -O0 zikuyenda? Chifukwa pa -O0 variable iliyonse ya mu main imakhala ndi malo ake pa stack mpaka main ithe, choncho GC imaiona. Pa -O2 compiler ikaona kuti variable simukuigwiritsanso ntchito, imapereka register yake ku ntchito ina. Pamenepo gcc sinalakwe chilichonse, malamulo a C amailola. Tiuzeni, kodi main imaigwiranso struct imeneyo mukadutsa pa mosquitto_new?

wa_ARM:
Ayi aphunzitsi, ndikaipereka basi, main siikhudzanso. Ndayesa GC_DONT_GC=1 usiku wonse, sinagwe. Ndaikanso GC_gcollect(), yokakamiza GC kutola pompopompo, mu loop ya main, ndipo yagwa pa uthenga woyamba womwe.

mphunzitsi_C:
Ndiye tachipeza. Njira yosavuta: struct imeneyo itengeni ndi GC_MALLOC_UNCOLLECTABLE. GC imafufuzamo ma pointer koma siitola, ndipo mumaimasula nokha ndi GC_FREE mukatha mosquitto_destroy. Njira ina ndi kuika GC_reachable_here(ctx) kumapeto kwa main, ctx kukhala pointer ya struct ija. Yoisunga mu static variable chabe ndiyosadalirika: ngati palibe paliponse pomwe mukuiwerenga, compiler ikhoza kuichotsa, pokhapokha mutailemba volatile.

mlongo_wa_seva:
Aphunzitsi anena zoona, koma musatseke nkhani apa. Mukuyendetsa bwanji loop ya mosquitto? Ngati ndi mosquitto_loop_start, thread imapangidwa mkati mwa laibulale ndi pthread_create weniweni, ndipo callback yanu imayenda mu thread imeneyo. Kulemba #define GC_THREADS musanaitane gc.h kumasintha pthread_create ya mu khodi yanu yokha, sikufika mu laibulale yokompailidwa kale. Thread yosalembetsedwa stack yake siifufuzidwa. Uthenga womwe callback yangoutengera memori, pointer yake ikadali pa stack imeneyo, ukhoza kutoledwa main ikayambitsa GC pa nthawi yomweyo. Zikachitika kuti GC yayambira mu thread yachilendoyo, pulogalamu imaima ndi mawu akuti "Collecting from unknown thread". Bola zimenezo, chifukwa zina zija zimawononga mwakachetechete.

Ndingachite chonchi. Siyani loop_start. Itanani mosquitto_threaded_set(mosq, true), pangani thread yanu mu fayilo yomwe ili ndi GC_THREADS, ndipo mkati mwake muitane mosquitto_loop_forever. Ngati simungasinthe, itanani GC_allow_register_threads() mu main mukangotha GC_INIT(), kenako mu callback tengani malire a stack ndi GC_get_stack_base n'kuitana GC_register_my_thread. Yachiwiriyi imagwira, koma ili ndi pophonyera pambiri.

Kanthu kena: pa Linux GC imaimitsa ma thread ndi SIGPWR n'kuwayambitsanso ndi SIGXCPU. Mu gdb, pulogalamu yofufuzira zolakwika, lembani handle SIGPWR SIGXCPU nostop noprint pass, apo ayi mudzakhala mukuima pa chinthu chomwe si vuto.

kachidutswa:
Ine ndiyankhepo za kukula kwa heap, chifukwa gwero lake ndi lina. GC iyi siidziwa kusiyanitsa pointer ndi nambala wamba. Hans Boehm ndi Mark Weiser anaifotokoza mu 1988 ngati njira yotolera memori m'chinenero chomwe compiler yake siithandiza GC konse, ndiye nambala iliyonse yooneka ngati adiresi ya mu heap imatengedwa kuti ndi pointer. Pa 32-bit ma adiresi onse ndi a 4 GB basi, kotero nambala yangozi siichedwa kugwera pa chinthu chenicheni. Pa 64-bit mpata umenewo ndi wochepa kwambiri.

Onani zinthu zitatu. Ma payload a MQTT mulibe ma pointer, choncho atengeni ndi GC_MALLOC_ATOMIC kuti GC isamafufuzemo. Kumbukirani kuti memori ya ATOMIC siibwera itafufutidwa, ndipo musadzasungemo pointer ngakhale imodzi. Mabafa akuluakulu, omwe akubweretsa chenjezo lija, atengeni ndi GC_MALLOC_ATOMIC_IGNORE_OFF_PAGE, koma muzisunga pointer yoloza kumayambiriro kwake nthawi zonse. Chabwino koposa n'kutenga bafa imodzi n'kumaigwiritsa ntchito mobwerezabwereza.

Chachitatu ndi chomwe chimapweteka anthu ambiri: mzere wanu uja. Ngati ndi linked list, mukachotsa node kutsogolo ikani node->next = NULL. Mukapanda kutero, nambala imodzi yabodza yoloza node yakale imagwira yotsatira, yotsatirayo imagwira inzake, mpaka mauthenga onse omwe adzadutse pa mzerewo. Boehm yemweyo anaunika vuto la mizere yotereyi mu 2002.

mlongo_wa_seva:
Pa IGNORE_OFF_PAGE ndiwonjezere chenjezo. Ngati loop yanu imayenda ndi p++ mkati mwa bafa ndipo pointer yoyambirira simukuigwiritsanso, -O2 idzaitaya monga inatayira struct ija. Ikani GC_reachable_here(buf) loop ikangotha.

wa_ARM:
Zikomo kwambiri nonse. Struct ndaisintha kukhala UNCOLLECTABLE, thread ndikupanga ndekha, ma payload ali pa ATOMIC, ndipo next = NULL panalibedi, ndaikapo. Ndi GC_gcollect() mu loop sikugwanso pa -O2. Ndayatsa GC_PRINT_STATS=1, heap yakwera pang'ono poyamba kenako yaima.

mphunzitsi_C:
Musachotse GC_gcollect ija mu khodi, ibiseni pansi pa #ifdef ya mayeso. Mukadzawonjezera laibulale ina yolandira void * kuchokera kwa inu, monga CURLOPT_PRIVATE ya libcurl, yatsani mayesowo pa -O2 musanatumize pulogalamu pa makina enieni.