Shiur ya parasha ku Johannesburg: mlendo atsate iti?

Abale, thandizeni. Munthu akuchoka ku Jerusalem kukakhala masabata atatu ku Glenhazel, dera la ku Johannesburg, mu June 2026, ndipo sakufuna kujomba shiur ya mlungu ndi mlungu, phunziro la parasha (gawo la mabuku asanu a Mose limene Ayuda amawerenga mlungu umenewo). Povuta ndi apa: chaka chimenechi tsiku lachiwiri la chikondwerero cha Shavuot, lomwe amasunga a kunja kwa Israel okha, likugwera pa Shabbat (Sabata la Ayuda, Loweruka), ndiye ku Israel adzakhala patsogolo ndi parasha imodzi mpaka a kunja kwa Israel atawerenga maparasha awiri, Chukat ndi Balak, pamodzi. Akonzekere yakwawo, ya komweko, kapena zonse ziwiri?

Za chitetezo nazonso. Mlendo wongotulukira pageti la shul (sunagoge) alonda amatha kumubweza. Atumize kope la pasipoti kudakali masiku angati, ndipo kwa ndani, rabi kapena ofesi ya shul?

Pa Shabbat foni ndi cholembera ayi, izo n'zodziwika. Nanga Chumash yake (buku la mabuku asanu a Mose) anyamule podalira eruv (malire ololeza kunyamula zinthu pa Shabbat), kapena za m'shul zimakwanira?